Kansalu Kofiira

Inagwa pa njinga pafupi ndi depoti ya Kasungu,
Lachitatu masana, malole a fodya akudutsa.
Mwini wake sanacheuke.
Mwina anawerenga nkhuku zake m'mamawa
nakhulupirira chiwerengerocho mpaka kumsika.

Ine ndinali pakhonde ndi mashini anga,
ndikupinda thalauza la mwana wasukulu.
Ndinaiona ikutsimphina m'fumbi,
kumwendo wopwetekawo kuli kansalu kofiira,
chizindikiro cha khomo lomwe sindilidziwa.
Nditainyamula, mtima wake unkagunda m'manja mwanga
ngati singano ikamathamangira chala.

A Kachiwala, eni nyumba, analemba okha ndi khala
pachitseko cha bafa: Pano sitiweta.
Choncho ndinaibisa m'katoni ya sopo kuseri kwa bedi,
nditaboola mabowo asanu ndi sizasi.
Mwendo ndinaumanga ndi kamtengo ka tsache
ndi chigamba chotsala pa diresi la eni.
Usiku woyamba sinadye.
Wachiwiri inajompha madeya m'chivundikiro cha botolo,
ikundiyang'ana ndi diso ili, kenako ilo,
ngati wodula ziphaso kumsika.

Ndinafunsa.
Pachigayo cha ku Chankhanga ndinafunsa,
kwa amayi a tomato, kwa anyamata a kabaza,
kutchalitchi anailengeza
pakati pa uthenga wa maliro ndi msonkhano wa kwaya.
Anabwera anthu atatu, aliyense akuti ndi yake.
Ndikati, kumwendo ili ndi chiyani?
ankayang'ana kudenga.
Mmodzi anachita kulumbira kuti ndi tambala.

Mlamu wanga Zefaniya anati,
nkhuku yosochera ndi ndiwo zodziyendera zokha,
anyezi ndigula ndine.
Ndinamupatsa tiyi,
ndinamuperekeza mpaka kumsewu waukulu.

Sindinaitche dzina.
Dzina ndi chingwe,
ndipo ine wa lendi ndilibe pochimangirira.

Ndi Velina wa ku Chulu,
amene amabweretsa nsalu za amvano mwezi ndi mwezi,
anati, khola ndili nalo, ndiitenga,
koma iyambe yakhala kwanu masabata awiri.
Chitopa chinandisesera khola chaka chatha,
sindilandira mlendo wosadziwika kwawo.

Basi ndinasanduka mlangizi wa ziweto.
M'mawa uliwonse, ndisanasukusule,
kusuzumira ngati yavala jekete,
ngati ikuwodzera dzuwa lili pamutu.
Zitosi ndinkatulutsa mu nyuzipepala
ngati munthu wozembetsa katundu pachipata cha Mchinji.

Tsiku lakhumi ndi limodzi inandiulula.
Inakwera m'dengu la zigamba
n'kutetera mpaka mpanda wonse unamva.
A Kachiwala anagogoda.
Ndinatsegula, dzira lili m'dzanja, lofunda,
mawu atandithera.
Anayang'ana dziralo, anayang'ana katoni,
analitenga nalilowetsa m'thumba la malaya.
Anati, ine makutu anayamba kundivuta.
Itsala masiku angati?
Atatu, ndinatero.
Ndiye kuti mazira atatu, anatero.

Loweruka Velina anabwera ndi dengu lovundikira.
Anaitembenuza, anaipenya m'maso,
anaikweza m'mwamba kuyesa kulemera kwake,
anati, mwainenepetsa, atelala.
Kansalu kaja anakamasula yekha,
kwathu timamanga kobiriwira.
Ndinawaperekeza kukakwera matola.
Pamene galimoto inkanyamuka
inatulutsa mutu pakati pa matumba a feteleza,
koma sinkayang'ana ine,
inkayang'ana chimanga chotayika pansi.

Kansaluko ndinakasunga m'kabati ya mashini,
pamodzi ndi mabatani opanda anzawo,
kuti mwina tsiku lina wina adzaima pakhonde
n'kunena, chofiira, chinali chofiira,
ndipo ndidzamulozera njira ya ku Chulu.

Madeya akadalipo pansi pa bedi.
Katoni sindinataye.
Dzulo a Kachiwala afufuta mawu aja pachitseko cha bafa,
akuti mvula ndiyo yafufuta,
mwezi uno wa Ogasiti.